CD4 ya mwana yatsika ngakhale akumwa ma ARV mosadumphitsa: kodi chitetezo chake chikubwereradi?

Nachisale, Kasungu:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagwira ntchito zachipatala, komanso kwa makolo amene mwalera ana omwe akhala akumwa ma ARV kwa nthawi yaitali. Ndikulera mwana wa malemu mchemwali wanga, mtsikana wazaka 4, amene anapezeka ndi kachilombo ka HIV atayezedwa ali ndi masabata 6 ndipo anayamba mankhwala asanakwanitse miyezi itatu. Ali ndi chaka chimodzi anamuyeza CD4, chiwerengero cha maselo oteteza thupi amene HIV imaononga, ndipo m'buku lake la kuchipatala analembamo 1,900. Mwezi wathawu anagonekedwa chifukwa cha chibayo, anamuyezanso ali m'chipatala momwemo, ndipo chiwerengerocho chinali 1,150. Chikundisokoneza n'chakuti zotsatira za viral load, muyeso wa kuchuluka kwa kachilombo, zikusonyeza kuti kachilombo sikakuoneka m'magazi, mankhwala amamwa tsiku lililonse nthawi yofanana, ndipo kusikelo amati akukula bwino. Nanga chiwerengerocho chatsika bwanji ngati mankhwala akugwira ntchito? Ndikufunanso kudziwa ngati mwana wotere chitetezo cha m'thupi mwake chimadzafanana ndi cha ana anzake amene alibe kachilombo, komanso ngati idzafike nthawi yoti asiye kumwa Bactrim, popeza agogo ake akudandaula kuti mapiritsi achuluka kwa mwana wamng'ono chonchi.

Bambo Kalua, clinical officer:

Mayi Nachisale, manambala awiri amene mwatchulawo sangayerekezedwe mwachindunji, chifukwa loyamba linatengedwa kwa mwana wachaka chimodzi ndipo lachiwiri kwa mwana wazaka 4. Ngakhale mwa ana amene alibe kachilombo ka HIV, chiwerengero cha maselo a CD4 chimakhala chokwera kwambiri m'chaka choyamba cha moyo, kenako chimatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pa mlingo wa akuluakulu. Khanda lathanzi limatha kukhala ndi maselo 2,000 mpaka 3,000 kapena kupitirira, mwana wazaka zapakati pa 2 ndi 6 amakhala ndi maselo apakati pa 700 ndi 2,200 mongoyerekeza, pomwe munthu wamkulu amakhala ndi apakati pa 500 ndi 1,500. Choncho 1,150 kwa mwana wazaka 4 ndi chiwerengero chabwino ndithu, makamaka poganizira kuti magaziwo anatengedwa akudwala chibayo, ndipo matenda aliwonse aakulu amatsitsa chiwerengerochi kwa kanthawi.

N'chifukwa chake kwa ana osakwana zaka 5 timadalira kwambiri peresenti ya CD4, kutanthauza kuti pa maselo 100 aliwonse a gulu la lymphocyte, omwe ndi mtundu wina wa maselo oyera a m'magazi, ndi angati amene ali a CD4. Peresentiyi sisintha kwambiri ndi msinkhu ngati m'mene chiwerengero chija chimasinthira. Malinga ndi m'mene bungwe la WHO linagawira, mwana wa miyezi 36 mpaka 59 amene ali ndi peresenti yopitirira 25 amaonedwa kuti chitetezo chake sichinaonongeke, ndipo amene ali pansi pa 15 ndiye kuti chaonongeka kwambiri. Kwa khanda losakwana chaka malire ake ndi okwera, moti kukhala pansi pa 25 ndi chizindikiro choopsa kale. Yang'anani pa pepala la zotsatira ngati analembapo peresenti, ndipo ngati palibe, funsani pa ulendo wotsatira, ngakhale kuti si makina onse amene amaonetsa nambala imeneyi.

Funso lanu lachiwiri ndilo lalikulu, ndipo yankho lake lagona pa msinkhu umene mwana anayambira mankhwala. Kuseri kwa fupa la pachifuwa kuli kachiwalo kotchedwa thymus, komwe maselo atsopano a CD4 amakhwimira asanalowe m'magazi. Kachiwaloka kali ngati nazale: mwa mwana wamng'ono kamatulutsa mbande zatsopano mosalekeza, koma munthu akatha msinkhu kamayamba kufota. Munthu wamkulu akayamba ma ARV, kukwera koyamba kwa CD4 kumachokera makamaka ku maselo akale amene anali atatsekeredwa m'minofu ndi m'timagulu ta mwanabere, ndipo maselo atsopano amabwera mochedwa komanso mochepa. Mwa mwana zinthu zimayenda mosiyana, chifukwa kachilombo kakangoponderezedwa, thymus imayamba kudzaza magazi ndi maselo atsopano enieni, amene angathe kuphunzira kulimbana ndi matenda amene thupi silinakumanepo nawo. Ichi ndicho chifukwa chake ana ambiri amabwezeretsa chitetezo bwino kuposa akuluakulu, ndipo kukwera kwakukulu kumachitika m'chaka choyamba ndi chachiwiri cha mankhwala, kenako kumayenda pang'onopang'ono mpaka kukhazikika.

Umboni wa zimenezi unachokera kuno ku Africa. Kafukufuku wa CHER, amene anachitikira ku Soweto ndi ku Cape Town ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2008, anayerekeza makanda amene anayamba mankhwala ali ndi masabata 6 mpaka 12 ndi anzawo amene anadikira kaye kuti CD4 itsike kapena kuti ayambe kudwala. Kuyamba msanga kunachepetsa imfa ndi 76 peresenti, ndipo kafukufukuyu ndi amene anachititsa kuti malangizo a dziko lonse lapansi asinthe n'kunena kuti khanda lililonse lopezeka ndi kachilombo liziyamba mankhwala nthawi yomweyo. Kale lonse zinali zitadziwika kuti popanda mankhwala, pafupifupi theka la ana obadwa ndi kachilombo ankamwalira asanakwanitse zaka 2. Kafukufuku wina wotchedwa ARROW, amene anatsatira ana opitirira 1,200 ku Uganda ndi ku Zimbabwe, anasonyeza kuti mlingo umene CD4 imakakhazikikapo pakapita zaka umadalira zinthu ziwiri, msinkhu woyambira mankhwala ndi m'mene CD4 inaliri poyambapo. Mwana woyamba ali wamng'ono komanso chitetezo chisanagwe amafika pafupi ndi anzake opanda kachilombo, pomwe woyamba ali wamkulu ndi CD4 yotsika kwambiri nthawi zambiri amakhazikika pa mlingo wotsikirapo.

Mwana wanu ali m'gulu loyambalo. Kwa iye nambala yofunika kuiyang'anira kwambiri ndi viral load, ndipo n'chifukwa chake zipatala masiku ano siziyeza CD4 kawirikawiri kwa amene mankhwala akuwayendera bwino. Chokhacho chimene ndingapemphe n'chakuti, popeza wadwala chibayo chofika pogonekedwa, onetsetsani kuti anamufufuza chifuwa chachikulu, makamaka ngati pakhomo pali munthu amene akutsokomola kwa nthawi yaitali, ngati thupi la mwanayo limatentha usiku, kapena ngati sikelo yake yaima.

Mayi Nyirenda, namwino wa ana:

Ndikugwirizana ndi zonse zimene Bambo Kalua afotokoza, ndipo ine ndiyankhe za Bactrim, chifukwa funso la agogowo timalimva pafupifupi tsiku lililonse. Mankhwalawa, amene dzina lake lenileni ndi cotrimoxazole, sagwira kachilombo ka HIV ayi, koma amateteza mwana ku chibayo, kutsegula m'mimba, matenda ena oyamba ndi mabakiteriya, komanso malungo. Kafukufuku wa CHAP, amene anachitikira ku Lusaka motsogozedwa ndi Pulofesa Chifumbe Chintu ndipo anatuluka mu 2004, anapeza kuti kumwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku kunachepetsa imfa za ana okhala ndi HIV ndi 43 peresenti, ndipo nthawi imeneyo ana ambiri analibe mwayi wa ma ARV. Ma ARV atafalikira, anthu anaganiza kuti mwana amene CD4 yake yakwera angathe kusiya. Ofufuza a ARROW anayesa zimenezi mwa ana opitirira zaka 3 amene anali atamwa ma ARV kwa zaka pafupifupi ziwiri, ena n'kuwasiyitsa, ena n'kupitiriza. Osiyawo anagonekedwa m'chipatala kawirikawiri kuposa anzawo, chifukwa cha malungo komanso matenda ena, ngakhale amene CD4 yawo inali yabwino. Choncho m'madera a malungo ngati kwathu kuno malangizo ndi oti mwana apitirize, ndipo agogo muwauze mwaulemu kuti piritsi limeneli ndi limene likuthandiza kuti mdzukulu wawo asamagonekedwe pafupipafupi.

Zotsatira za ARROW zimatiphunzitsanso chinthu china chimene ndikufuna makolo onse achimvetse, chakuti kubwerera kwa nambala sikutanthauza kuti chitetezo chonse chabwerera monga chinalili. Nkhani ya katemera ndiyo imaonetsa bwino zimenezi. Mwana akalandira katemera wa chikuku, thupi limasunga maselo amene amakumbukira kachilombo ka chikuku. Ngati katemerayo anabayidwa pamene HIV inali ikuononga m'thupi mosaletseka, maselo okumbukirawo amakhala ochepa kapena amatha msanga, ndipo ma ARV akadzayamba sawabwezeretsa, chifukwa maselo atsopano ochokera ku thymus sanakumanepo ndi chikuku. Mwana amatha kukhala ndi CD4 yokwera bwino koma alibe chitetezo ku chikuku. N'chifukwa chake WHO mu 2017 inalangiza kuti ana okhala ndi HIV alandirenso katemera wa chikuku chitetezo chawo chikabwerera, ndiye kuti CD4 ikafika pa 20 mpaka 25 peresenti, kapena pakatha miyezi 6 mpaka 12 chiyambireni mankhwala kumene kulibe makina oyezera. Mwana wa Mayi Nachisale anayamba mankhwala asanafike pa katemera wa miyezi 9 ndi wa miyezi 15, kotero akuyenera kuti anapindula nawo bwino, bola onse awiri analandiradi. Amene muli ndi ana oyamba mankhwala mochedwa, tengani buku la kusikelo mukafunse.

Ndionjezere mwachidule za vuto limene limaoneka m'masabata kapena miyezi yoyambirira, kwa ena amene angawerenge zimenezi ana awo atangoyamba kumene. Chitetezo chikayamba kudzuka, chimatha kulimbana mwaukali ndi tizilombo timene tinali kale m'thupi mwakachetechete, ndipo mwana amaoneka ngati akudwala kwambiri kuposa kale. Azachipatala amati IRIS. Mwa makanda nthawi zambiri imaoneka pa chipsera cha katemera wa chifuwa chachikulu wa BCG, chimene chimatupa kapena kutuluka mafinya, ndiponso mwanabere wa m'khwapa la mbali yomweyo amafufuma. Mwa ana okulirapo imaoneka ngati chifuwa chachikulu chimene chabuka mwadzidzidzi. Ndaonapo makolo akusiyitsa mankhwala poganiza kuti sakumuyanja mwana, ena n'kupita naye kukatemera mphini pa chotupacho. Choyenera ndi kupita naye kuchipatala msanga ndi kupitiriza mankhwala pokhapokha dokotala atanena zina.

Bambo Mbewe, Harare:

Mayankho awiriwa ndi omveka, koma ndikuopa kuti wina amene mwana wake anapezeka mochedwa angawerenge n'kuganiza kuti zonse zidzakhala bwino pakangotha zaka ziwiri. Ine ndikulera mphwanga amene anabadwa ndi kachilombo koma anadziwika ali ndi zaka 10, atadwaladwala kuyambira ali wakhanda, ndipo ana otere alipo ambiri kuno ku Zimbabwe ngakhalenso kwathu ku Malawi, makamaka amene anabadwa isanayambe ndondomeko ya Option B+ ku Malawi mu 2011, yopatsa ma ARV amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa kwa moyo wonse. Mphwangayo viral load yake inatsika bwino, CD4 inakwera ngakhale mochedwa, koma msinkhu wake sunafike pa wa anzake, anachedwa kutha msinkhu, ndipo mpaka lero amapuma mobanika akathamanga pang'ono. Kulemera kwa thupi kumabwerera msanga mwana akayamba mankhwala ndi kudya bwino, koma kupinimbira kumene kwachitika kwa zaka zambiri sikutheratu, ndipo mapapo amene anaonongeka ndi zibayo zobwerezabwereza sabwerera mwakale chifukwa choti nambala ya m'magazi yakwera.

Vuto la mapapoli linafufuzidwa pano pa Harare ndi ku Blantyre m'kafukufuku wa BREATHE, amene anapatsa ana ndi achinyamata azaka 6 mpaka 19 mankhwala a azithromycin kamodzi pa sabata kwa masabata 48. Mankhwalawo sanawonjezere mphamvu ya mapapo, koma anachepetsa kubuka kwa matenda a m'chifuwa. Kwa ine phunziro lake linali lakuti tisamayeze kuchira kwa mwana ndi pepala la ku labotale lokha. Tiziyang'ana ngati akutha kuyenda ulendo wa kusukulu osapumira m'njira, ngati akumva bwino m'kalasi popeza matenda a m'makutu otuluka mafinya amasiya ena ali ogontha pang'ono, ndiponso ngati akukhoza m'maphunziro. Zimenezi makolo timaziona ife tisanafike kwa dokotala, ndipo tikapanda kuzitchula sizilembedwa paliponse.

Kwa Mayi Nachisale ndinene kuti nthawi yovuta kwa ana oyamba msanga ngati wanuyo imadza akamakula. Mwana amene sanadwalepo kwambiri saona chifukwa chomwera mankhwala, ndipo akafika zaka 12 kapena 13 asanauzidwe bwinobwino chimene akumwera, amayamba kubisa mapiritsi. Muyambe kumufotokozera pang'onopang'ono malinga ndi nzeru zake, mothandizidwa ndi aphungu a kuchipatala, ndipo akadzafika msinkhu wake magulu a Teen Club, amene anayambitsidwa ndi a chipatala cha ana cha Baylor ku Lilongwe ndipo tsopano amapezeka m'zipatala zambiri za m'Malawi, amathandiza kwambiri.

Nachisale, Kasungu:

Zikomo kwambiri nonse. Ndapeza pepala lija ndipo peresenti yalembedwa 31, kotero mtima wanga wakhala pansi. Chifuwa chachikulu anamuyeza ndipo sanachipeze. Ndili ndi funso lina laling'ono: potuluka m'chipatala anamupatsa mankhwala owonjezera magazi, ndipo mnzanga wina wandiuza kuti mankhwala amenewa amalimbana ndi ma ARV. Komanso mwanayu tsopano akulemera makilogalamu 14 ndi theka, koma mlingo wa mapiritsi ake a ma ARV osungunula m'madzi sunasinthe chiyambire chaka chatha. Kodi zimenezi zingabweze m'mbuyo chitetezo chake?

Bambo Kalua, clinical officer:

Peresenti ya 31 pa msinkhu umenewo ndi ya mwana amene chitetezo chake chili bwino. Koma mafunso awiri mwafunsawa ndi ofunika kuposa loyamba lija, chifukwa chitetezo chimene chabwerera chimakhalapo pokhapokha kachilombo kakhale koponderezedwa, ndipo mwa ana kachilombo kamadzuka kawirikawiri chifukwa cha zinthu zazing'ono ngati zimenezi, osati chifukwa choti mankhwala ndi ofooka.

Mapiritsi osungunula amene mukunenawo ayenera kuti ndi a dolutegravir a mamiligalamu 10, amene anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi mu 2021 pamodzi ndi abacavir ndi lamivudine, m'malo mwa timibulu towawa ta lopinavir timene ana ambiri ankalavula. Mlingo wake umatsata kulemera kwa mwana. Wolemera makilogalamu 3 mpaka 5.9 amamwa theka la piritsi, wa 6 mpaka 9.9 amamwa limodzi ndi theka, wa 10 mpaka 13.9 amamwa awiri, wa 14 mpaka 19.9 amamwa awiri ndi theka, ndipo akafika makilogalamu 20 amasinthira ku piritsi la mamiligalamu 50 lomeza. Ngati wanuyo akumwabe awiri, ndiye kuti wadutsa malire ake, ndipo mlingo wa abacavir ndi lamivudine nawonso uyenera kuunikidwa. Musawonjezere nokha kunyumba, koma pitani naye kuchipatala sabata ino osadikira tsiku lolembedwa, akamuyeze sikelo ndi kukonza mlingo wa mankhwala onse, kuphatikizapo Bactrim. Vuto limeneli limachitika kwambiri pamene wolera amapita yekha kukatenga mankhwala mwana atamusiya kunyumba kapena kusukulu, chifukwa wopereka mankhwala amangotsatira kulemera kumene kunalembedwa kale. Dziwaninso kuti piritsi losungunula ndi lomeza sizilowana m'malo mamiligalamu ofanana, chifukwa losungunula limalowa m'magazi kwambiri, kotero mankhwala a mwana akatha musamugawire a munthu wamkulu.

Za mankhwala owonjezera magazi, mnzanuyo wanena zoona mbali imodzi. Iron amene ali m'mankhwala a magaziwo, calcium ndi mankhwala ena a chilungulira amagwirana ndi dolutegravir m'matumbo n'kuchepetsa kuchuluka kwake kolowa m'magazi. Njira yake ndi yosavuta: mwana amwe dolutegravir maola 2 asanamwe mankhwala a magaziwo, kapena patatha maola 6 atawamwa, ndipo ambiri amaona chapafupi kumupatsa ma ARV m'mawa ndi a magazi madzulo. Musasiye a magaziwo, popeza kuchepa kwa magazi nakonso kumafooketsa mwana. Mankhwala ena amene amatsitsa dolutegravir kwambiri ndi rifampicin wa chifuwa chachikulu, ndipo mwana amene akulandira chithandizo cha TB amayenera kumwa dolutegravir kawiri pa tsiku nthawi yonse ya chithandizocho ndi masabata awiri pambuyo pake.

Pa zimene Bambo Mbewe anena za ana amene amasiya mankhwala poona kuti ali bwino, pali nkhani yodziwika ya mwana wa ku Mississippi ku America, amene anayamba ma ARV patangotha maola 30 chibadwire, kenako anasiya, ndipo kachilombo sikanaoneke m'magazi mwake kwa miyezi 27, mpaka anthu ena anayamba kunena kuti wachira. Mu 2014 kachilomboko kanaonekanso ndipo anabwerera pa mankhwala. HIV imabisala m'maselo ena a CD4 amene ali chigonere, kumene mankhwala sakufikako, ndipo mwa ana ambiri imadzuka pakangotha masabata ochepa atasiya, osati miyezi ngati mwana ameneyu. Mlingo ukakonzedwa, funsani tsiku la viral load yotsatira. Ikadzapezeka yopitirira 1,000, ndondomeko yake ndi yakuti mulandire uphungu wa kamwedwe ka mankhwala ndi kuyezanso pakatha miyezi itatu, asanaganize zosintha mtundu wa mankhwala.